Kompyuta ya kaunjika nayo isatsekeredwe chipata

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10. Kuno ku Mchinji tsikulo lidadutsa ngati Lachiwiri lina lililonse. Akabaza adapalasa, ogula soya ndi mtedza adapachika masikelo awo, ndipo mawa lake kompyuta za pa Boma, za pa Kamwendo ndi za kufupi ndi phiri la Kachebere zidayaka monga mwa masiku onse, kumene magetsi adalipo. Palibe adalira maliro. Chonsecho kuyambira tsiku limenelo, mbava za pa intaneti zikapeza chibowo chatsopano mu Windows 10, eni ake alibenso udindo wokutumizirani chigamba. Chitseko chikadali chomwe chija, koma kalipentala wanena kuti loko ikathyoka musamuitane.

Tisanamizane abale. Kompyuta zomwe zili m'timaofesi totayipa ndi kusindikiza makalata, m'masukulu a sekondale ndi m'zikwama za ana athu a ku koleji, zambiri n'za kaunjika. Zidagwira kale ntchito m'maofesi a ku Ulaya, ku Joni kapena ku Dubai, n'kubwera kuno zitatha utoto. Windows 11, yomwe idatuluka mu 2021, imazikana zambiri mwa izo. Imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 komanso purosesa yatsopano, moti kompyuta zambiri zopangidwa chisanafike chaka cha 2018 sizilandiridwa. Microsoft idalola kuwonjezera chaka chimodzi, mpaka pa 13 Okutobala 2026, kwa olipira madola 30 kapena omangirira kompyuta yawo ku akaunti ya kampaniyo. Chaka chimodzi basi. Buku lomwe ansembe a White Fathers adafika nalo pa seminale ya Kachebere itangotsegulidwa mu 1939, ngati chiswe sichidalidye, mungaliwerenge lero. Laputopu ya 2016, yoti ikuyaka bwinobwino, ikuuzidwa kuti ndi nkhalamba.

Ndiye mwini kompyuta yotere atani? Agule yatsopano, ngati fodya kapena soya wamukomera chaka chimenecho. Apo ayi apitirize ndi Windows yopanda mlonda, kapena ija yokhotetsa imene anyamata a mumsika amaika ndi fulashi, n'kumangopemphera kuti akuba asaone nambala yake yachinsinsi ya ku banki. Njira yotsala ndi kuchotsamo Windows yonse n'kuikamo Linux.

Kwa amene dzinali ndi lachilendo, kompyuta payokha ndi chitsulo chabe. Kuti imvere munthu pamafunika pulogalamu yaikulu yoyendetsa zonse. Windows ndi imodzi, Linux ndi ina. Linux adaiyamba mu 1991 mnyamata wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, Linus Torvalds, ndipo mmene adailembera adaika poyera kuti aliyense aone, akonze, agawireko mnzake osalipira kanthu. Mu 2004 mkulu wina wa ku South Africa, Mark Shuttleworth, adatulutsa mtundu wa Linux wosavuta kwa anthu wamba n'kuutcha Ubuntu, liwu lomwe lija ife timati umunthu. Palinso mitundu yopepuka monga Lubuntu imene imadzutsa kompyuta yotopa n'kuyamba kuthamanganso. Ndipo si zachilendo m'dziko muno. Bungwe la Baobab Health, lomwe Gerry Douglas adayamba nalo ntchito mu 2001 pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe pogwiritsa timakina totayidwa ku America, pambuyo pake lidamanga dongosolo lake losungira mbiri ya olandira ma ARV pa mapulogalamu aulere omwewa. Anthu ambiri adalandira mankhwala kudzera mu Linux osadziwa n'komwe dzina lake.

Koma pali pamodzi pamene nkhani yonseyi yakolekedwa. Masiku ano munthu akakhala pa kompyuta, nthawi yambiri amakhala mu browser, pulogalamu ija yotsegulira masamba a pa intaneti: Chrome, Firefox, Edge, Safari, Opera. Wophunzira wofuna malo ku yunivesite za boma amadzaza fomu ya NCHE mmenemo. Ahedi amalembetsa ana mayeso a MANEB mmenemo. Wabizinesi amalowera mmenemo ku Msonkho Online ya MRA ndi ku banki yake. Mu Disembala 2022 a Lazarus Chakwera, omwe adali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, ndi a Hakainde Hichilema a ku Zambia adatsegula boda yatsopano ya Mchinji ndi Mwami kuti katundu aziunikidwa malo amodzi m'malo mwa awiri. Zabwino ndithu. Koma wa geni wopita ku Chipata amayamba wadutsa chipata china cha pa kompyuta, kufunsa mitengo, kutumiza invoisi, kulipira. Ngati browser sikugwira pa Linux, ndiye kuti Linux yonseyo ndi nyumba yamalata yopanda khomo.

Wina anena kuti zonsezi n'zakale, anthu ali pafoni. Zoona, ndipo foni za Android nazo pansi pake pali Linux yomweyo, ngakhale ogulitsa sanena. Koma tayesani kulemba kalata yofunsira ntchito, kudzaza fomu ya masamba 8 ndi kumatapo masatifiketi pa kafoni kong'aluka galasi, bandulo ikutha. Tonse timathera pa kompyuta ya munthu wina, kulipira pa ola.

Funso tsono ndi ili: kodi kampani yopanga browser ili ndi udindo woonetsetsa kuti browser yakeyo ikugwira pa Linux? Ine ndikuti eya. Koma tiyambe tamva mbali ya makampaniwo, poti ambiri owerenga tsamba lino ndinu a malonda ndipo muimvetsa msanga.

Kampani si mpingo. Pa kompyuta za pa desiki ndi malaputopu 100 alionse padziko lapansi, oyendera Linux ndi 4 okha kapena cha pamenepo, malinga ndi kawerengedwe ka StatCounter mu 2024. Kuwonjezera apo Linux si imodzi. Pali Ubuntu, Debian, Fedora, Mint, Arch ndi ina yambirimbiri, uliwonse ndi khalidwe lake, ndipo browser ikasintha, zomwe zimachitika pafupifupi mwezi ndi mwezi, pamafunika anthu oyesa. Oyesawo amalandira malipiro a ku California. Mayi wogulitsa nsapato pamsika wa Mchinji sasunga saizi 13 kaamba ka chimphona chimodzi chobwera kamodzi pachaka. Ndani angamudzudzule?

Palibe, malinga nsapatozo adaoda ndi ndalama zake. Ndipo apa ndi pamene fanizo la makampaniwa likugwera, chifukwa ma browser amenewa ali ndi kwawo.

Mu 1996 wophunzira wina wa ku Tübingen ku Germany, Matthias Ettrich, adayambitsa gulu lotchedwa KDE, lofuna kupatsa Linux nkhope yoti munthu wamba aziigwiritsa ntchito ndi mausi osati kungotayipa malamulo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anthu a gululi, ambiri ongodzipereka, adalemba injini yowerengera masamba a pa intaneti n'kuitcha KHTML. Kampani ya Apple itafuna browser yakeyake sidayambire pansi ayi. Idatenga KHTML ija, kuikonza, n'kuitcha WebKit, ndipo mu Januwale 2003 Safari idabadwa. Mu 2008 Google idamanga Chrome pa WebKit yomweyo, ndipo mu 2013 idadulako nthambi yake n'kuitcha Blink. Chaka chomwecho Opera ya ku Norway idataya injini yake n'kukwera ya Google. Nayo Microsoft, itatopa ndi yake, idatulutsa Edge yatsopano mu Januwale 2020 yomangidwa pa Chromium, chimake cha Chrome. Tsatani mzere umenewu bwinobwino ndipo mupeza kuti, kupatula Firefox, ma browser onse akuluakulu ndi zidzukulu za ntchito ya anthu a Linux. Mpaka lero Chrome, Safari ndi Edge zikamadzitchula kwa tsamba lililonse lomwe mwatsegula, m'mawu odzitchulawo mumakhala dzina la KHTML. Lili ngati chiwongo. Ulemere chotani, usamukire ku Area 43, ukadali Phiri kapena Banda.

Sindikunena kuti adaba. Laisensi idalola, ndipo idawamanganso kuti zomwe asintha pa injiniyo aziika poyera. Apple idatsegula WebKit kwa onse mu 2005, Google nayo Chromium ili poyera, ndipo ndalama zomwe makampaniwa adathiramo n'zosayerekezeka ndi zomwe a KDE akadapeza. Tiwapatse zimenezo. Komabe mbewu adatapa m'nkhokwe ya mudzi. Kumudzi kuno munthu amene wapempha mbewu ya chimanga cha makolo kwa anansi, akakolola ngolo 40, sawauza anansi omwewo kuti ndinu ochepa, simundipindulira. Chonsecho Safari chibadwire siidapondepo pa Linux. Ndipo ngongoleyo siithera pa injini yokha. Makina akuluakulu a Google omwe amayankha mafunso athu amayendera Linux. Microsoft idavomera yokha kuti ntchito yoposa theka pa makina ake obwereketsa a Azure ndi ya Linux. Mukaika pa sikelo zomwe makampaniwa adapulumutsa posalipira Linux, mbali inayo n'kuikapo malipiro a kagulu kosamalira browser imodzi, sikeloyo siivuta kuwerenga.

Mbiri yawo pa nkhaniyi ndi ya lero ndabwera, mawa ndapita. Mu 1998, Microsoft ili pa nkhondo ndi kampani ya Netscape, idatulutsa Internet Explorer yogwira pa Solaris ndi HP-UX, abale ake a Linux a m'banja la Unix. Netscape itagonja, Microsoft idasiya zimenezo mu 2002. Mu 2001 mkulu wake pa nthawiyo, Steve Ballmer, adafika poyerekeza Linux ndi khansa. Mu 2014 wolowa m'malo mwake, Satya Nadella, adaima pagulu kunena kuti Microsoft imakonda Linux. Edge ya pa Linux idatuluka moyesera mu Okutobala 2020 n'kukhazikika chakumapeto kwa 2021. Tiyamike, koma musaganize kuti chidawagwira ndi chisoni cha mwana wa ku Kachebere. Adaona kuti akatswiri olemba mapulogalamu ndi masamba a pa intaneti ambiri amagwirira ntchito pa Linux, ndipo sadafune kuwataya.

Google idachita bwinoko. Chrome yokhazikika ya pa Linux idatuluka mu 2010. Koma mu Malichi 2016 idasiya kupangira kompyuta zakale za 32-bit zoyendera Linux. Kodi kompyuta zoterozo zidali m'manja mwa yani mu 2016? Osati ku California. Zidali m'malabu a sukulu ngati zathuzi, zopatsidwa ndi akufuna kwabwino. Mu Malichi 2021 Google idadulanso ma Chromium okonzedwa ndi magulu a Linux kuti asamalumikizike ndi akaunti za Google posunga mapasiwedi ndi masamba omwe munthu amakonda. Ukafuna zimenezo, tenga Chrome yeniyeni, ngati kompyuta yako ikuloledwa.

Choncho chomwe ndikupempha si mtolo wa chifundo. Kampani ikalowa pa Linux inene poyera kuti ikhalapo mpaka liti, monga momwe Microsoft imalengezera masiku a Windows zaka zambiri zisanakwane. Zigamba za chitetezo zizifika pa Linux tsiku limodzi ndi pa Windows, osati otsala adye mkute. Mwini kaofesi kotayipa pa Boma akaganiza zosamutsa kompyuta zake 6 kupita ku Linux, waika ndalama ndi nthawi. Aphunzitsa mtsikana wa pa kauntala, azolowetsa makasitomala omwe amafunsa kuti Word ili kuti, mwina ataya ena. Munthu wotere ali ndi ufulu wodziwa ngati chaka cha mawa banki yake idzatsegukabe pa makina amenewo. Nkhwangwa yobwereka siichedwa kuguluka, ndipo ife pa nkhani za browser tonse tikudula ndi yobwereka.

Anzanga a kompyuta akhala akuyabwidwa kuyambira pamwamba paja kuti andiuze: nanga si Firefox ilipo? Ilipo, ndipo tiithokoze. Idachokera ku Netscape yomwe ija, imene mu 1998 idaika poyera mmene browser yake idalembedwera, ndipo Firefox yoyamba yokhazikika idatuluka mu Novembala 2004. Ukaika Ubuntu kapena Mint umaipeza ili kale momwemo. Vuto ndi loti bungwe la Mozilla, eni Firefox, gawo lalikulu kwambiri la ndalama zake limachokera kwa Google, yomwe imalipira kuti izikhala malo ofufuzira oyamba mu Firefox. Ndiye kuti mlonda wathu amalandira malipiro kwa mwini Chrome. Nayo Mozilla mu 2025 idalengeza zosiya Linux ya 32-bit.

Vuto lina, lomwe limapweteka tsiku ndi tsiku, ndi la omanga masamba. Poona kuti anthu ambiri ali pa Chrome, amayesa tsamba lawo pa Chrome pokha n'kukagona. Ndidakhalapo theka la tsiku ndi mphwanga tikulimbana ndi fomu ya bungwe lina, sinditchula dzina, batani lotumizira likukana kudinika pa Firefox. Titaimba foni yankho lidali lakuti gwiritsani ntchito Chrome. Ife amene tidasiyira yunivesite panjira kaamba ka fizi timadziwa kuti tsiku lomaliza kupereka fomu silidikira munthu. Pamene masamba ofunikira akuumirira browser imodzi, kusowa kwa browser imeneyo pa Linux kumasanduka kutsekeredwa kunja, ngakhale ma browser ena khumi alipo.

Apa ndiye chala chikuloza kwathu komwe kuno, ndipo maiko ena adapsa kale. Dziko la South Korea mu 1999 lidakhazikitsa njira yotetezera malonda ndi mabanki a pa intaneti yodalira ActiveX, kachipangizo kogwira pa Internet Explorer yokha. Kwa zaka zoposa khumi munthu wa Linux kapena wa Apple sankatha kugula kanthu kapena kulowa ku banki bwinobwino, m'dziko loti intaneti yake idali pakati pa zothamanga kwambiri padziko lapansi. Kumasula mfundo imeneyo kudawatengera zaka, ndipo Internet Explorer yomwe adaidalirayo Microsoft idaipumitsa pa 15 Juni 2022.

Ya pafupi ndi ya ku Joni, komwe abale athu ambiri akugwira ntchito ndi kuchita timabizinesi. Bungwe lotolera msonkho kumeneko, SARS, lidamanga mafomu ake ena a pa intaneti pa Flash, pulogalamu ya kampani ya Adobe. Mu 2017 Adobe idachenjeza kuti Flash idzatha pa 31 Disembala 2020. Zaka zitatu za chenjezo. Tsiku lidafika, pa 12 Januwale 2021 Flash idasiya kugwira, ndipo mafomu ena a SARS adali asanasamutsidwe. Mukudziwa chomwe adachita? Adatulutsa browser yawoyawo yoti Flash yakufayo izipumirabe mmenemo, ndipo browser imeneyo potuluka inkagwira pa Windows pokha. Wolipira msonkho wa Linux kapena wa Apple adayenera kukabwereka kompyuta kuti apereke ndalama ku boma lake lomwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Google ndi Microsoft mwina sadzawerenga tsamba lino, ndipo Mchinji pa mapu awo a malonda ndi kadontho. Koma a MRA, a MANEB, a NCHE, a Immigration ndi mabanki athu amawerenga, ndipo gawo lawo ndi losavuta kuposa la makampani aja. Akamalemba kampani yowamangira tsamba, mu mgwirizano mukhale chiganizo choti tsambalo liyesedwe pa Firefox ndi pa Chrome, pa Windows ndi pa Linux, ndalama yomaliza isanaperekedwe. Bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, PPDA, likhoza kuika chiganizo chimenechi m'mapepala a matenda onse a mtundu umenewu, n'kuthana nazo kamodzi. Oyesa sasowa. Ophunzira za kompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku UNIMA ndi ku Mzuni angachite ntchito imeneyi masana amodzi, ndipo aphunzirapo zambiri kuposa kuloweza manotsi. Tsamba lolembedwa motsata malamulo odziwika a intaneti limatseguka pa browser iliyonse. Likakana, kawirikawiri ndiye kuti wina adadula njira, ndipo adalipidwa ndi msonkho wa mayi uja wa nsapato.

Kwa inu a timaofesi totayipa ndi ophunzira amene kompyuta zanu Windows 11 yazikana, musathamangire kufufuta chilichonse. Ubuntu ndi Mint zimatha kuyaka kuchokera pa fulashi popanda kukhudza zomwe zili mkati mwa kompyuta. Pezani mnzanu wodziwa akukonzereni fulashi yotero, muyatse, mutsegule tsamba la banki yanu, la msonkho, la sukulu, mpaka pa batani lomaliza lotumizira. Likakana pa Firefox yesani Chrome kapena Edge, poti zonse ziwiri zilipo pa Linux ya 64-bit. Likakana ponseponse, lembani tsiku, dzina la tsamba ndi pamene lakanira, kalata imodzi ipite kwa eni tsambalo, ina kwa mkonzi wa nyuzipepala ino. Mafayilo a makasitomala muwasunge kaye pena musanasamuke. Ndipo muyeserenso makina osindikizira ndi sikana, chifukwa ena akale amavuta pa Linux, ndipo ndalama ya kaofesi kanu imalowera pamenepo.